Zaka 18 zikukwanira kuti munthu agwire chiwongolero?

Bambo a Mphatso: Moni nonse pagulu pano. Lamulo lathu limati munthu akakwanitsa zaka 18 akhoza kutenga laisensi ya galimoto yaing'ono, ija ya code B. Ine ndikuona kuti 18 yachepa. Wa zaka 18 ndi uja wangolemba kumene MSCE, sanagwirepo ntchito, sanasungepo katundu wa munthu, ndiye timupatse chitsulo cholemera kuposa tani kuti azithamanga nacho pa M1? Akweze zifike 21. Tiyeni tikambirane.

Nachisale: Zikomo bambo. Koma wa 18 yemweyo amavota, amaloledwa kukwatira, akalakwa amazengedwa mlandu ngati wamkulu. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana akhale munthu wosakwana zaka 18. Ndiye tizinena kuti ndi wamkulu posankha mtsogoleri wa dziko koma ndi mwana pofuna kupititsa amayi ake kuchipatala?

Bambo a Mphatso: Voti yolakwika timaikonza pakatha zaka zisanu, mayi. Wogundidwa sabwerera.

Nachisale: Apo mwanena. Komabe sindinagonje.

Madala a Thiraki: Ana anga, ndalowa mochedwa koma ndiloleni. Ine ndakalambira pa thiraki, njira ya Beira, ya Dar es Salaam, ya Durban kudzera pa Mwanza ndi Tete. Zaka zobadwa sizimandiopsa kwenikweni. Chimandiopsa ndi munthu amene laisensi yake ndi yatsopano. Akhale wa 18, akhale wa 45 amene wangogula galimoto ndi ngongole ya kuntchito, chaka choyamba onse ndi amodzi. Sadziwa kuti basi ikaima kutsogolo, kuseri kwake kutulukira munthu. Sadziwa kuti thiraki yodzaza siima pomwe wapondera buleki. Mukakweza kufika 21, mwangosuntha chaka choyambacho, simunachichotse.

Nthawi yathu munthu umayamba ngati wothandizira. Umamanga tenti, umayang'ana matayala, umaika mwala kuseri kwa tayala pamtunda, umakhala pambali pa dalaivala miyezi ndi miyezi ukungoona. Tsiku lokupatsa chiwongolero unali utauona kale msewu usiku, mvula ikugwa, pa Chiweta potsetsereka. Lero mwana akuphunzira masabata ochepa, masana okhaokha, mkati mwa tauni, kenako Khirisimasi akunyamula banja lonse ulendo wa ku Karonga.

Aphunzitsi a L: Madala, mwandilankhulira. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, kuphunzitsa anthu galimoto. Ana a 18 ndi 19 sachedwa kugwira. Giya, kalachi, kubwerera m'mbuyo, kupaka, masiku ochepa atha. Amayi ndi abambo a zaka 40 amavutika ndi mapazi, ena mpaka thukuta. Koma tikatuluka mumsewu zimatembenuka. Wamkulu uja akaona ana a sukulu m'mbali amachotsa yekha phazi pa moto. Mnyamata amaona mpata, saona ana. Ndipo amafunsa funso limodzi lokhalokha: aphunzitsi, ndiyamba liti kupitirira zinzake?

Anamwino: Zimene akunena aphunzitsi zili ndi chifukwa chake m'thupi. Mbali ya ubongo yakutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuyeza ngozi, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma 25. Choncho a Bambo a Mphatso sakulota ayi. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati padziko lonse ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndi zimene zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Osati malungo, osati Edzi. Msewu.

Koma ndinene zimene ndimaona ku wodi. Anyamata ogona pamabedi ndi zitsulo m'miyendo, ambiri sanali pa galimoto. Anali pa njinga yamoto. Ena oyendetsa, ena okwera, ena anali kungodutsa. Ukafunsa zaka, wina 16, wina 17. Laisensi musafunse n'komwe. Ndiye tikamakangana za 18 kapena 21, tikukangana za ana a m'mabanja okhala ndi galimoto pakhomo. Ana amene akutha miyendo safika ndi pakhomo la sukulu ya galimoto pomwe.

Wa King Lion: Eee, tayambapo kutchulidwa. Ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndiyankhe. Ine ndine wa kabaza, pano ndili ndi zaka 22, koma ndinayamba ndili ndi 16. Anandiphunzitsa ndi mnzanga pabwalo la mpira madzulo awiri, lachitatu ndinanyamula munthu. Sindikunyada nazo, ndikungonena mmene zimakhalira.

Koma mabwana, funsani kuti njingayo inali ya ndani. Mwana wa 16 ndalama yogulira njinga aitenga kuti? Eni ake ndi anthu akuluakulu, ena ogwira ntchito m'maofesi, ena a mashopu, ena atsogoleri a mipingo. Amafuna mwana dala, chifukwa mwana satsutsa. Amakuuza ndalama yoti ubweretse madzulo, mafuta ako, kukonza kwako. Ikapanda kukwana, mawa njinga apatsa wina, pasiteji pali anyamata khumi akudikirira. Ndiye mukationa tanyamula anthu atatu ndi thumba la makala, tikuthamanga ngati tapenga, musamangoti ubwana. Tikuthamangitsa ndalama ya bwana.

Bambo a Mphatso: Koma achimwene, chisoti chokha mumalephera kuvala? Chimenecho ndiye bwana akuletsani?

Wa King Lion: Changa ndimavala. Cha kasitomala ndi nkhani ina. Azimayi amakana, amati chiwononga tsitsi, ena amati chanunkha thukuta la anthu ena. Ukakakamiza amatsika n'kukwera ya mnzako. Ndiye utani?

Anamwino: Muziwauza kuti ife tsitsilo timameta lonse tisanasoke.

Nachisale: Hahaha anamwino inu! Koma zoona. Ine ndimaphunzitsa kusekondale ya masana kuno ku Dedza, ndipo anyamata a Fomu 2 ndi Fomu 3 tikuwataya chifukwa cha kabaza yemweyu. Njinga zikulowa kuchokera ku Mozambique, malire ali pafupi, zina zopanda ndi nambala yomwe. Mnyamata akaona mnzake wagula foni ndi nsapato, sukulu imamuwawa. Makolo nawo sakaniza chifukwa madzulo akubweretsa ndiwo. Ndiye lamulo la zaka lilipo, koma kumudzi ndani akuliyang'ana? Wapolisi wa pamsewu ali pa tala, njinga zikuyenda njira za kumunda.

Wa ku Joni: Moni akwathu. Ndikuuzeni za kuno ku South Africa, mwina zithandiza. Laisensi yophunzirira galimoto yaing'ono umatenga pa 17, yeniyeni pa 18. Njinga yamoto yaing'ono yosapitirira 125cc ndi 16. Koma kuyendetsa ngati ntchito pamafunika chiphaso china chapadera chotchedwa PrDP, ndipo apa ndi pamene anasiyanitsa: katundu wamba 18, kunyamula anthu 21, katundu woopsa ngati mafuta 25. Mowanso anasiyanitsa, dalaivala wamba malire a mowa m'magazi ndi 0.05, wa PrDP ndi 0.02. Nzeru yake ndi yoti zaka zizikwera malinga ndi miyoyo imene wanyamula. Kwathunso PrDP ilipo, oyendetsa minibasi ndi mathiraki amaidziwa.

Koma musaganize kuti kuno kuli bwino. Nthawi ya Khirisimasi ndi Pasaka anthu amatha pa N1, njira yomwe timadzera popita kumudzi. Malamulo okongola, maliro osatha.

Bambo a Mphatso: Ndiye mwandithandiza. Ngati wonyamula anthu pa minibasi amafunika zaka zochulukirapo, wa kabaza akunyamula chiyani? Mbatata?

Wa King Lion: Mukatero mwachotsa ntchito theka la siteji yathu, bwana. Akadya kwanu?

Bambo a Mphatso: Nanga akapha munthu, ana a malemuyo akadya kwa ndani?

Admin: Tiyeni tizilemekezana, nkhani ndi yabwino. A King Lion atiuza zinthu zoti ambiri sitimazidziwa, tisawathamangitse.

Achemwali a ku Leeds: Kuno ku Britain galimoto amayamba pa 17, kutsika kuposa kwathu, koma ngozi zakupha ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha magalimoto. Ndiye nkhani si nambala yokha. Mayeso ake ndi ovuta, anthu ambiri amalephera ulendo woyamba, ndipo palibe woti umupatse kenakake. Ukakhoza, zaka ziwiri zoyamba uli pa mayesero: ukapeza mapointi 6 a milandu, laisensi imalandidwa, uyambirenso mayeso onse. Kugwira foni uli pa chiwongolero ndi mapointi 6 nthawi imodzi. Mwana wanga foni amaitsekera m'kabati ya galimoto, osati chifukwa ndi wolungama, koma akudziwa ndalama zimene anawononga. Inshuwalansi ya mwana wa 17 nayonso imadula moti nthawi zina imaposa mtengo wa galimotoyo.

Aphunzitsi a L: Achemwali, pamene mwati palibe woti umupatse kenakake, mwakhudza bala. Ndimalandira anthu amene laisensi ali nayo kale m'thumba, akubwera kuti ndiwaphunzitse kuyendetsa. Mwamva bwino. Laisensi kaye, kuphunzira pambuyo. Anadzera kwa madobadoba. Wina anabwera ndi code C1, ya malole, koma osadziwa kuti buleki ya pamanja ili pati. Munthu wotere ngakhale akhale ndi zaka 50 ndi ngozi yoyenda.

Chimene ine ndingakonde si kukweza zaka, koma kupereka laisensi pang'onopang'ono. New Zealand anayamba zimenezi mu 1987, ndipo Canada ndi Australia amachitanso. Woyamba kumene saloledwa kuyenda usiku kwambiri, saloledwa kudzaza anzake m'galimoto, mowa ngakhale dontho ayi. Ku Victoria ndi New South Wales, zigawo za Australia, wachinyamata amayenera kukwanitsa maola 120 akuyendetsa ndi munthu wamkulu pambali, ena mwa maolawo usiku, zonse zolembedwa m'kabuku. Maola 120! Kwathu kuno ambiri amapita kumayeso asanakwanitse ngakhale kotala yake, chifukwa phunziro lililonse ndi ndalama ndipo mafuta adula.

Za anzake m'galimotozo musazione zazing'ono. Mnyamata ali yekha amayendetsa bwinobwino. Mukweze anzake atatu, nyimbo zikulira, wina kumbuyo akuti "aise, yakupitirira Vitz imeneyo?" Basi munthu wasintha.

Madala a Thiraki: Ndi zimene ndimanena zija. Kabuku ka maola 120 ndi uthandizi womwe uja, angoulemba papepala.

Mlamu wa ku Chipata: Muli bwanji alamu. Kuno ku Zambia mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku kuyambira 21:00 mpaka 05:00, ngozi zitachuluka. Eni mabasi anadandaula kwambiri, amalonda nawonso. Ndikutchula chifukwa aphunzitsi anena za usiku. A RTSA, bungwe loona za pamsewu kuno, sanafunse zaka za dalaivala pamenepo, anangoona kuti usiku ndi tulo ndiye zikupha. Koma kuletsa basi n'kosavuta, ndi yaikulu, imadutsa pa rodibuloko. Kamnyamata ka laisensi yatsopano mukakadziwa bwanji mumdima?

Aphunzitsi a L: Pa laisensi pamalembedwa tsiku limene inatuluka, ndipo zonse zili mu MalTIS, makompyuta a boma osunga za malaisensi ndi magalimoto. Wapolisi akaimitsa galimoto amaiona kale laisensiyo. Ku Australia amamata chilembo cha P pagalimoto monga timamatira L. Zotheka, kungoti tifune.

Nachisale: Kungoti tiwonjezera chifukwa china choti munthu atulutsire ya fanta pamsewu.

Wa ku Joni: Mayi mwalasa.

Mayi a Tadala: Pepani ndilowe ndi funso langa, ndakhala ndikuwerenga. Mwana wanga ali ndi zaka 17, akwanitsa 18 chaka chamawa. Bambo ake anayamba kumuphunzitsa pa Sienta yathu, ndipo pano amamutuma kuchigayo ndi kukatenga azing'ono ake kusukulu, amati ndi pafupi, apolisi kulibe. Mwanayo amayendetsa bwino, sindinama. Koma mtima wanga sukhazikika. Ndikalankhula amati ndine wamantha. Ndilakwa?

Aphunzitsi a L: Mayi, simukulakwa. Ndi mlandu kwa mwanayo, ndi mlandunso kwa mwini galimoto amene wapereka makiyi kwa munthu wopanda laisensi. Koma chachikulu auzeni bambowo za inshuwalansi. Tsiku limene adzagunde mwana wa eni ake kapena galimoto ya munthu, a inshuwalansi adzafunsa laisensi ya amene amayendetsa. Ikasowa, konzekani kulipira nokha, chipatala, maliro, kukonza galimoto, zonse. Abambo ambiri mantha a ngozi sawamva, koma a ndalama amawamva.

Za pafupizo, ngozi zambiri za ana zimachitika pafupi pomwepo, m'misewu ya m'makomo momwe ana amathamangitsa mpira. Ndipo taonani masamu awa. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, sekondi imodzi yokha yayenda mamita 22. Pa 50 ndi mamita pafupifupi 14. Amenewo ndi mamita oyenda phazi lisanafike n'komwe pa buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi. Wozolowera amayamba kuchepetsa asanaone mwana, akangoona mpira. Zimenezo sizibwera ndi luso la manja.

Madala a Thiraki: Mwana wanga, auze bambo akewo kuti ngati akufunadi kumuphunzitsa, azikhala naye pambali, osati kumutuma. Kutuma si kuphunzitsa. Ndipo azing'ono ake asamakwere.

Mayi a Tadala: Zikomo madala, zikomo aphunzitsi. Ndiwawerengera madzulo ano momwe mwalembamu, asamati ndi nzeru zanga.

Bambo a Mphatso: Chabwino, pa galimoto zazing'ono mwandifewetsa pang'ono, ngakhale 21 yanga sindinaitaye. Koma tikuiwala oyenda pansi. Dutsani pa Lizulu, pa Tsangano, pa Jenda tsiku la msika. Tomato ndi kabichi zili pa tala penipeni, ana akuthamangira basi ndi mbale za mbatata, njinga zakapalasa, ngolo, mbuzi. Pamenepo ngakhale dalaivala wa zaka 40 amatuluka thukuta. Ndiye tiikepo mwana?

Anamwino: N'chifukwa chake ine ndimati mahampu apulumutsa anthu ambiri kuposa zikwangwani. Hampu safunsa zaka, salandiranso ya fanta.

Achemwali a ku Leeds: Popeza tikukamba za malire a zaka, nanga kumtunda? Kuno ukafika 70 laisensi imatha, ndipo umaikonzanso zaka zitatu zilizonse, ukutsimikiza kuti maso akuona ndipo ulibe matenda oletsa kuyendetsa. Kwathu timalimbana ndi ana, koma agogo a ng'ala m'maso akuyendetsa usiku. Madala a Thiraki, ndikufunsa mwaulemu, maso munayezetsa liti?

Madala a Thiraki: Iwe mwana, ine ndayendetsa thiraki usanabadwe, sindinaphepo ngakhale nkhuku.

Achemwali a ku Leeds: Sindikukana madala. Ndafunsa za maso.

Madala a Thiraki: Masana ndimaona bwinobwino. Usiku magetsi a magalimoto a masiku ano ndi amene anyanya kuwala, oyera ngati a welodingi. Ndiye ndinasiya ndekha kuyenda usiku. Palibe anandiuza.

Anamwino: Madala, kuthobwa ndi magetsi usiku nthawi zambiri ndi chizindikiro choyamba cha ng'ala. Imachotsedwa, opaleshoni yake ndi yaifupi, ndipo anthu amaonanso bwino. Pitani akakuoneni. Muyezetsenso shuga ndi BP, chifukwa shuga amawononga maso mwakachetechete. Koma ndikuyamikeni, mwadziikira nokha lamulo la usiku lija aphunzitsi amafunira achinyamata.

Madala a Thiraki: Ndamva. Koma musandiike gulu limodzi ndi a kabaza.

Wa King Lion: Hahaha madala, ifenso tidzakalamba, tikapulumuka.

Koma ndibwerere pa nkhani yathu, chifukwa mwaithawa. Ine laisensi ya njinga ndimaifuna. Anzanga ambiri amaifuna, chifukwa kuthawa apolisi tsiku ndi tsiku n'kotopetsa, ndipo ngozi zina zimachitika pothawa pomwepo. Koma muwerengere: sukulu, laisensi yophunzirira, mayeso, ulendo wopita kumzinda komwe kuli ofesi, kugona komweko, masiku onsewo osagwira ntchito bwana akudikira ndalama yake. Kwa mnyamata wa kumudzi ndi ndalama ya miyezi. Atabweretsa maphunziro ndi mayeso pa boma lililonse, pamtengo woti tingathe, ndipo atanena kuti njinga ikagwidwa ndi mwana wosakwana zaka wolipira ndi mwini wake osati mwanayo, mungaone kusintha mwezi umodzi. Panopa akagwira njinga, bwana amakaiombola, n'kudula ndalamayo kwa mnyamata yemweyo.

Nachisale: Apa ndiye pali mfundo. Mwana wa Fomu 2 sangakwere njinga imene sanapatsidwe. Ife kusukulu tikaitana kholo limati njinga si yanga. Mwini wake sitimuona, koma mudzi wonse ukumudziwa, amfumu akumudziwa.

Aphunzitsi a L: Lamulo loletsa kupereka galimoto kapena njinga kwa wopanda laisensi lilipo kale mu Road Traffic Act. Sitikusowa lamulo latsopano pamenepo. Koma munamvapo mwini njinga ali m'khoti chifukwa cholemba ntchito mwana?

Bambo a Mphatso: Ine sindinamvepo. Koma a King Lion, inuyo lero mutagula njinga yanu yachiwiri, mungaipereke kwa ndani? Wa zaka 25 wa laisensi amene akufuna malipiro abwino, kapena mng'ono wanu wa 16?

Wa King Lion: Funso lovuta bwana. Kunena zoona, mng'ono wanga akundivutitsa kale kuti ndimuphunzitse. Ndamuuza amalize kaye Fomu 4. Koma ndikachoka amakabwereka ya anzake.

Ndipo poti mwandifunsa ine, afunseninso ena. Pagulu pano tilipo anthu oposa 200, ndipo ndikudziwa kuti ena muli ndi njinga ziwiri zitatu pasiteji. Amene anandipatsa njinga ndili ndi zaka 16 ali pagulu pomwe pano, ndikuona kuti mauthenga onse awerenga. Sinditchula dzina. Angotiuza okha kuti anyamata awo a panopa ali ndi zaka zingati.

Wa ku Joni: Eeh. Gulu lazizira.

Admin: Maina asatchulidwe, chonde, ndipo zolozana ku inbox ayi. Koma funso lafunsidwa mwaulemu. Amene muli ndi njinga za kabaza, bwalo ndi lanu.

Nangozo: Si ine amene akunenedwayo, koma njinga ndili nazo ziwiri, ndiye ndiyankhe. Mmodzi ali ndi zaka 24, winayo anandiuza kuti 19, chiphaso cha unzika sindinachione. Laisensi onse alibe. A King Lion, mundiuze ku inbox kuti zonse pamodzi zimakwana ndalama zingati, ndione ngati ndingayambe ndi mmodzi mwezi uno, tizidulana pang'onopang'ono. Koma akaitenga asandithawe kupita kwa bwana wina.

Wa King Lion: Za kuthawazo mulemberane pamaso pa tcheyamani wa siteji, mayi. Ndikutumizirani madzulo, pano ndapeza kasitomala.